Madzi Amene Sanalembedwe

Olemekezeka Wapampando wa mwambo uno, a Mphunzitsi Wamkulu wa sukulu ino ya anamwino, akuluakulu a chipatala chimene tonsefe timathawirako zinthu zikavuta, madokotala ndi masisitala, aphunzitsi, makolo amene mwasiya ntchito zanu kuti mukhale nafe, amisiri amene mwamanga chipinda chino, ndi inu ana anga ovala zoyera amene mwakhala kumbuyoko, ndakulonjerani nonse, ndipo ndikupempha kuti lero mundipirire.

Munandiitana miyezi inayi yapitayo chifukwa ndagwira ntchito m'laibulale zaka makumi atatu, ndipo ndinathandiza kusonkhanitsa mabuku amene ali m'chipinda chatsopanochi chophunziriramo za matenda a impso. Mawu anga ndinalemba nthawi yomweyo, masamba asanu, okoma ndithu. Ali m'thumba la jekete muno. Sindiwawerenga.

Masabata atatu apitawo, Lachiwiri m'mawa, ndinali nditagwada m'chipinda chathu, mutu uli kunsi kwa bedi, ndikufunafuna magalasi a akazi anga. Iwo anali m'chipatala, ndipo dzulo lake anali atandituma kuti ndiwabweretsere, ati atopa kumva ine ndikuwawerengera ngati wa pawailesi. Foni inalira. Anali mwana wathu wamkazi.

"Ababa, khalani pansi."

"Ndili pansi kale, mwanangu. Ndapeza sokosi, ndapeza batani, koma magalasi a mayi akowa..."

"Asiyeni magalasiwo, ababa. Amayi atisiya."

Ine ndinayankha kuti, "Ayi, andituma." Ndi mawu okhawo amene anatuluka. Ndinadula foni n'kupitiriza kufunafuna. Mpaka lero mutu wanga sunavomere kuti munthu amene wakutuma angachoke usanabwerere.

Akazi anga anali telala, munthu wosadwaladwala, wanthabwala zosatha. Ine ankanditcha aPulofesa, ngakhale sindinapondeko kuyunivesite. Anadwala zilonda zapakhosi, zinapola zokha, tinaziiwala. Patapita masabata awiri anayamba kudzuka zikope zitatupa. Mphete inakana kuvuka, nsapato zinayamba kuthina. Tsiku lina ataima pagalasi anati, "Onani aPulofesa, ndayamba kunenepa pa ukalamba. Anthu aziti mukundisamala." Tinaseka tonse awiri. Sekani ndithu, anali oseketsa. Chimene sanandiuze n'chakuti mkodzo unali utasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, wathovu, ndiponso wochepa kwambiri. Anabisa chifukwa cha manyazi, mpaka mutu unawawawa moti sankathanso kulowetsa ulusi m'singano. Kuchipatala anatiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo impso zatupa.

M'wodimo munali wophunzira wa sukulu ino, wa chaka chachiwiri. Sinditchula dzina lake, ndipo chonde musatembenuke kumuyang'ana. Tsiku loyamba anabwera ndi kapu imene anaimata pulasitala m'mbali, jagi yoyezera mkodzo, ndi pepala limene analikoloweka kumiyendo kwa bedi. M'mawa uliwonse ankakoka sikelo n'kuwaimikapo akazi anga. Dontho lililonse lolowa ankalemba, lotuluka ankalemba. Akazi anga anamupatsa dzina loti Apolisi.

Mwanayu sanangotilamula, anatifotokozera. Anakhala pampando n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, m'impso muli timasefa ting'onoting'ono tambirimbiri. Thupi polimbana ndi tizilombo ta pakhosi paja lavulaza ndi timasefa tomwe, ndiye tatupa. Zofunika kukhala m'thupi zikudonthera mu mkodzo, koma madzi ndi mchere sizikutuluka. Amayi akamwa kupitirira pa pulasitalapa, madziwo alibe kopita. Atsikira m'miyendo, kenako akwera m'mapapo."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Koma mumtima ndinkati, kamwana aka kanabadwa ine nditamaliza kale shelefu yonse ya zaumoyo. Ndinali nditawerenga kambirimbiri kuti madzi amatsuka impso, kuti munthu azimwa ambiri. Mawuwo si abodza, koma amanena za impso zabwinobwino. Za impso zotupa sindinawerenge, ndipo sindinafunse. Safunsa adadya phula, koma phula langali anadya ndi wina.

Tsiku lachitatu m'wodimo ndinawapeza milomo itang'ambika. Anandikoka malaya.

"APulofesa, zaka makumi atatu ndi zinayi ndakuphikirani, ndakusokerani mabatani, lero mukundimana madzi? Ngakhale mkaidi amamwa."

"Apolisi akana."

"Munakwatira Apolisi kodi?"

M'mawa mwake ndinaika botolo la madzi pansi pa mabuku m'chikwama changa. Ndani angaseche chikwama cha mkulu wa laibulale? Pa nthawi yoona odwala, masana ndi madzulo, ndinkakoka katani, ndinkatsegula buku n'kumawerenga mokweza kuti kumeza kusamveke. Iwo akamaliza ankapukuta pakamwa n'kundipsinyira diso. Tinachita zimenezi masiku anayi, tikudziona ngati ana ochenjera.

Zikomo mwanangu, ikani tambula ya madziyo pomwepo. Sindimwa pano. Mawu abwerera okha.

Sikelo inayamba kukwera. Wophunzira uja anayang'ana pepala lake, anayang'ana sikelo, anabwerezanso. Kenako anafunsa.

"Amayi, mwamwa china chilichonse kupatula cha m'kapumu?"

"Ndimwe chiyani mwanangu, misozi?"

Anatembenukira kwa ine. "Bambo?"

Ndinati, "Ayi." Chikwama chinali pakati pa miyendo yanga.

Olemekezeka, ine ndinkaganiza kuti chinsinsi chimenechi chinali changa ndekha, kuti ndidzanyamula ndekha mpaka kumanda. Dzulo ndinabwera kudzaona ndondomeko ya mwambo uno. Titamaliza, a Mphunzitsi Wamkulu anatseka chitseko cha ofesi yawo n'kunena motsitsa mawu kuti pali mwana mmodzi amene wapempha kuti asabwere lero, chifukwa sangathe kundiyang'ana. Anatsegula dilowa n'kundionetsa kalata. Mwanayo, wophunzira wa m'wodi uja, akusiya sukulu. Walemba kuti analakwitsa poyeza madzi a wodwala, wodwalayo anamwalira, ndipo iye si woyenera kugwira munthu.

Pepala lake linkanena kuti madzi olowa ndi ochepa, sikelo inkanena kuti thupi lawonjezera makilo awiri, ndiye akuluakulu ake anaganiza chimene aliyense akanaganiza, kuti wophunzira waphonya. Anamuwerengetsa katatu. Sindikuwaimba mlandu. Manambala sankagwirizana, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa chifukwa chake anali atakhala pambali pa bedi, buku lili m'manja. Masabata atatu onsewa ine ndikulandira anthu odzandipepesa, mwana wa eni akudzifunsa kuti dzanja lake linalakwa pati.

Kuchoka mu ofesimo ndinapita kwa dokotala amene ankawaona akazi anga, ndinamuuza zonse. Atamva anati, "Bambo, nthendayi ambiri amachira, koma ya amayi inali yaukali. Sindinganene kuti akanachira. Sindinganenenso kuti madziwo sanawavulaze." Sanawonjezere, ndipo ndikumuthokoza kuti sanandinamize pofuna kunditonthoza.

Mwana wanga ndamuuza lero m'mawa akundisitira malayawa. Anazimitsa simbi, anakhala pansi, analira. Atapukuta maso anati, "Ababa, amayi ndimawadziwa, akanakunyengererani ngakhale mukanakhala mwala. Koma mukanene pamaso pa anthu. Mukapanda kunena, ndiimirira ine." Wakhala kutsogolo kuno, akundiyang'anira.

Tsono mwanangu, iwe amene a Mphunzitsi Wamkulu anakugwira dzanja kuti ubwere lero, ndikulankhula ndi iwe. Sunalakwitse ngakhale dontho limodzi. Kapu yako inali yoona, jagi yako inali yoona, pepala lako linali loona. M'wodi monse muja ndiwe unaona kuti china chake sichili bwino, ndipo unafunsa funso loyenera kwa munthu woyenera. Amene ananama ndine. Ndinakunamiza ine wa msinkhu wa agogo ako, iwe utanditcha bambo. Sindikupempha kuti undikhululukire lero, zimenezo n'zako, udzachita pa nthawi yako. Ndikupempha kuti usalipire mlandu wanga ndi moyo wako wonse.

Kwa inu nonse ophunzira, m'chipinda chino muli mabuku, muli zithunzi za impso, muli zoyezera mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muphunziramo mayina aatali a nthendayi amene ine lilime limandikana. Phunzirani onse, musasiyeko. Mukaona munthu wadzuka zikope zitatupa, mufunseni za pakhosi ndi za zilonda za pakhungu za masabata apitawo. Mufunseni mtundu wa mkodzo, ndipo mufunse popanda manyazi, chifukwa iye manyazi ali nawo kale okwanira anthu awiri. Koma dziwaninso ichi, chimene sindinachipeze m'buku lililonse mwa amene ndabweretsa: pambali pa wodwala aliyense pali munthu womukonda amene sangapirire kumuona ali ndi ludzu. Munthu ameneyo si mdani wanu, koma ndi woopsa. Mukamufotokozera, muuzeni abwereze yekha zimene wamva. Akagwedeza mutu msanga, mukayikireni. Akakhala wamkulu, wovala jekete, wolankhula ngati wodziwa, mukayikireni kawiri. Muuzeni zoti achite ndi manja akewo ludzu likavuta, monga kunyowetsa milomo ndi kansalu, chifukwa manja achikondi akasowa chochita amapeza okha.

Kwa inu aphunzitsi ndi masisitala, ndilibe udindo wokuphunzitsani ntchito. Ndingopempha kuti manambala a wophunzira akakana kugwirizana, musanamubweze kuti akawerengenso, pitani naye kubedi mukayang'ane kuseri kwa katani. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

A Wapampando, mwandipatsa sizasi yodulira riboni, ndipo ntchito imene munandiitanira ndiigwira. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chino chophunziriramo za matenda a impso chatsegulidwa kuyambira lero.

Akazi anga kulibe, ndipo palibe mawu anga amene angasinthe zimenezo. Kalata ija ikadali m'dilowa, a Mphunzitsi Wamkulu sanaisaine. Phunziro loyamba m'chipinda chino lili Lolemba m'mawa, ndipo andiuza kuti mipando aika yokwanira kalasi yonse, osachotsapo ndi umodzi womwe.

Zikomo kwambiri pondimvera.