Mlandu wa Nkhumba Yonenepa

Mayi ankayanika zovala kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, pamene amuna awo anatulukira ndi chingwe m'manja. Bambowa anali dalaivala wa lole, ndipo pakhomo ankagonapo kawiri pamwezi.

"Amayi, nkhumba yamphongo ija mawa ikupita kubutchala."

"Kalanga ine! Yalakwanji?"

Mayi anasiya kuyanika. Nkhumbayo ankaikanda kukhutu m'mawa uliwonse, kukatentha n'kuithira madzi pamsana.

"Miyezi isanu! Zazikazi zitatu, palibe yatenga bere. Ndachokera kwa alangizi a ziweto. Akuti kunenepa ndi kusabereka nthawi zina zimayendera limodzi m'magazi. Akuti tione makolo ake."

"Makolo ake ali kutali, bambo. Tikwera basi?"

"Sindikuti tikawachezere! Ndikunena mtundu wake. Bambo wake anali mafuta okhaokha."

"Ngati malemu apongozi?"

"Bambo anga musawalowetsemo."

"Koma iwo aja anabereka ana khumi ndi mmodzi. Chonsecho pakhomo ankalowa cham'mbali."

"Bambo anga sanali nkhumba!"

"Sindinatero ine. Mulungu akumva."

Bambo anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Ndiye alangizi ati muiphe?" anafunsa mayi, akufinya malaya.

"Ati adzaione kaye. Adzaonenji? Ine maso ndili nawo. Chinthu chongodya ndi kugona! Ikafika pa zazikazi imangodzigwetsa pansi, si choncho?"

"Kaya."

"Kaya bwanji? Si inu mumakhala pakhomo?"

"Sinafikepo, bambo."

"Sinafikepo kuti?"

"Kwa zazikazi. Zimangonunkhizana pamphako za matabwa. Zimamvetsa chisoni. Ine ndimangozipempherera."

Chingwe chinagwa pansi.

"Amayi, mukuti chitseko chapakati chija..."

"Chotseka. Tsiku munaibweretsa munati, 'Chitseko ichi asatsegule munthu mpaka nditanena ine.'"

"Ndinkatanthauza sabata imodzi! Kuti izolowere malo!"

"Sabata simunaitchule."

"Nanga osandikumbutsa?"

"Ndinayesa kawiri. Munati za nkhumba ndikusiyireni eniake."

"Olo choncho! Munthu wanzeru akanangotsegula!"

"Kutsegula ndi chiyani? Loko munakhoma nokha. Kiyi imayenda nanu."

Bambo anapisa m'thumba. Pakati pa makiyi a lole panali kakiyi kakang'ono, konyezimira, kosagwirapo ntchito. Anakayang'ana nthawi yaitali. Mayi sanaseke, anangotola chingwe, n'kuchikunkhumula fumbi, n'kuchipachika pamsomali.

Bambo anapita kukhola. Nkhumba yamphongo ija inadzuka movutikira, n'kuwayang'ana ndi timaso take tating'ono. Iwo anavula chipewa, n'kukhosomola.

"Pepani, achimwene," anatero mokweza, mpaka aneba anasuzumira pampanda. "Ndikhululukireni. Ndinakutsekerani ndekha, lero ndimati ndikupheninso chifukwa chosatuluka."