Kodi Idah Amandikonda?

Pa siteji ya Golomoti, wakabaza wina anasuzumira pepala limene mtsikana wodikira minibasi ankawerenga.

"Achemwali, ndi mayeso anji amenewo?"

"Olowera ntchito. Amafunsa ngati zomwe wauzidwa zikukwana kuyankha inde kapena ayi. Ngakhale ayi ndi yankho, bola akhale wotsimikizika. Chosafunika ndi mwina."

"Tandithandizeni, ndikuopa kukachititsa amalume manyazi. Idah wogulitsa mpunga uja amandikonda? Amandimwetulira."

"Amamwetulira aliyense wogula. Sizikukwana."

"Amakwera njinga yanga yokha."

"Mwina mumatchipitsa. Sizikukwanabe."

Wakabaza anatsitsa mawu.

"Dzulo potsika anandinong'oneza dzina la atsibweni ake, ndi njira yakwawo ku Mua."

"Iii, achimwene! Chimenecho chokha chakwana! Mukudikiranji pano? Palasani, mukauze amalume achape jekete!"