Jekete la Yohane

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga. Kale ndinkati anthu a ufulu wachibadwidwe ndi abwenzi a zigawenga. Akamanena pa wailesi kuti kunyonga anthu kuthe, ine ndinkaiyankha wailesiyo kuti wopha mnzake apatsidwe chingwe basi. Ndinkakwezanso mawu a wailesiyo, kuti a neba adziwe kuti ndili ndi mabatire.

Kenako chingwecho chinaloza pakhomo panga. Mwana wanga Yohane, ali tenanti pa esiteti ya fodya ku Chiosya, anakangana ndi mnzake Lameki chifukwa cha malire a nazale. Anamukankha, Lameki anamenyetsa mutu pamwala, osadzukanso. Khoti linati Yohane anyongedwe.

Zaka zitapita, makalata atasiya kubwera, ine ndi nzeru zanga za sitandade folo ndinagamula kuti mwanayo anamunyonga kale, boma silingavutike kutiuza ife akumudzi. Tinalira maliro opanda mtembo, tinameta, tinagawana katundu. Ine ndinasankha jekete lake, poti linkandikhala kuposa mwini wake. Akazi anga okha, a Nabanda, anakana lumo. Anati sangametere mwana amene manda ake sanawaone, ndipo m'mawa uliwonse ankamutchula dzina m'pemphero. Ameni wanga anali wongowalemekeza.

Tsiku lina panatsika mayi pa kabaza, wochokera kwa anthu ndinkawanyoza aja. Anati Yohane ali moyo, ndipo milandu ya oyembekezera kunyongedwa ikuunikidwanso. Woweruza ankafuna kumva maganizo a kumudzi, makamaka a abale a malemu. Apa ndiye kuti moyo wa mwana wanga unali pakamwa pa mayi ake a Lameki, amene ndinkawazemba ngakhale kuchigayo.

Ine ndi a Nabanda tinapita kwawo. Ine wolongolola uja ndinabisala kumbuyo kwa akazi anga. Mayi ake a Lameki anatiyang'ana, kenako anati, "Ine ndinaika mwana m'manda, kulemera kwake ndikukudziwa. Sindifuna kuti mayi mnzanga asenze zomwezo m'dzina langa." Anadinda chala papepala lopita kwa woweruza.

Woweruza anaona zaka zimene Yohane anakhala m'ndende, nati zakwana. Lameki sadzabwera, izi sitiiwala, ndipo munda wa mayi ake timalima ndife. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva a Nabanda, osamvera ine. Inu amene muli ndi wanu m'ndende, musafulumire lumo, pitirizani kumutchula dzina.

Mwana wathu tinakamulandira pa depoti ku Mchinji Boma, ine nditatchena. Yohane, wowonda, waimvi, anandiyang'ana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Madzulo ake a Nabanda anandikokera kuseri kwa nyumba nandinong'oneza kuti, "Bambo, vulani jeketelo. Malemu anu aja akumva kuzizira."