Mawu a NyaShaba Apita ku Joni

Linily, mtsikana wa ku Dedza, ankapanga pulogalamu ya pafoni yoti anthu a ku Mzimba okhala ku Joni azimva ngati ali kwawo, ndipo tsiku la msika anafika pa Euthini kudzajambula mawu. Anaima pa benchi ya tomato ya mayi NyaShaba, omwe amuna awo, a Thomson, anapita ku Joni mwana wawo Towera akukwawa, pomwe pano ali ku sekondale.

"Ndi zosavuta, mayi," anatero Linily akuonetsa foni. "Bambo akadina apa, akumva ng'ombe zikulira. Akadina apa, gule wa ingoma. Mudzi wonse m'thumba."

"M'thumba la ndani?"

"La thalauza lawo."

"A-a! Ine ndikufuna munthuyo abwere, mwana wane. Chaka chilichonse amati Disembala, Disembala."

"Disembala," Linily anagwedeza mutu. "Ndiye tiikemo mvula yoyamba ikugwa padenga."

"Denga lakelo likudontha."

"Zabwino kwambiri! Likudonthera m'chiyani, m'beseni kapena m'ndowa? Phokoso limasiyana."

"Pamutu panga!"

Linily anayang'anitsitsa mutu wa mayiwo. "Ndi mpangowo sizingamveke bwino. Mungavule?"

A NyaShaba anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumwamba. "Ndapota, kodi ku Dedza ana amabadwa chonchi onse?"

"Ayi, ena amabadwira kuchipatala. Koma mayi, dzina lanu anandipatsa ndi bambowo. Akuti chimene amasowa kwambiri kumeneko ndi mawu anu."

Mayiwo anayamba kusanja tomato wosanjidwa kale. "Anatero?"

"Anatero."

"Mbwenu sindilankhula. Basi ya ku Joni imafika pa Boma. Abwere adzamve ndi makutu awo."

"Pa foni amamvanso ndi makutu."

"Makutuwo akhale pano!"

"Pulogalamuyi situmiza makutu, mayi. Imatumiza mawu. Ingowafunsani mmene adzukira, m'Chitumbuka, mokoma."

"Ine? Ndifunse mmene adzukira? Ine amene ndimadzuka nkhuku zisanatsike kukathirira dimba lawo?"

"Eya, momwemo," ananong'ona Linily, akusendeza foni pafupi ndi pakamwa pawo.

"Chotsani kanthu kanuko! Akanakhala pano ndikanawauza maso ndi maso. Ndikanati: Inu bambo a Towera, ng'ombe mukumvazo ndi za eni. Zanu zinagwetsa khola n'kulowa m'chimanga cha aneba, wokapepesa ndine. Amayi anu akuuza mudzi wonse kuti ndinakuthamangitsani ndi pakamwa. Pakamwa pake pati? Mwana wanu amakudziwirani pa chithunzi, mutavala jekete yachikopa ngati Joni yonseyo ndi yanu. Tsiku mudzatsike basi, chikwama pansi, inu padenga. Mukatsika padenga, kukhola. Mukachoka kukhola, kwa amayi anu mukakonze mbiri yanga. Ndipo za kukacheza pa Boma madzulo, muiwaliretu!"

Anapumira m'mwamba. Amayi ogulitsa anyezi pafupi anali atasiya kuitanira malonda.

"Mwamaliza?" anafunsa Linily. "Zamveka bwino zedi. Ngakhale mphepo sinalowemo."

"Zamveka kuti?"

"Ku Joni. Zapita."

"Zapita bwanji? Wakutumani ndani?"

"Munati 'Inu bambo a Towera.' Ndinaona kuti ndi zawo."

"Ndinati akanakhala pano!"

"Ndiye cholinga chake chimenecho, mayi. Azikhala ngati ali pano."

"Bwezani!"

"Sizibwezeka. Onani, ikusonyeza kuti akumvetsera."

A NyaShaba anakhala pansi pa thumba lopanda kanthu, manja m'masaya. Kenako anadzuka, anakonza mpango, nkhope n'kuwala pang'ono.

"Amve basi. Mwina manyazi awakweza basi. Munthu amene uja mtima ngwabwino, kungoti amafuna kumukumbutsa."

Foni inalira. Linily anadina, ndipo mawu a Thomson anamveka, akunjenjemera ngati a munthu amene wangopukuta misozi.

"Yewo chomene, a Linily. Chinthu chanuchi Mulungu achidalitse. Ine kumudzi ndinakusowa mpaka kuwonda, moti tikiti ndinagula kale, ya Loweruka lino, ndimati ndiwadzidzimutse amayi a Towera. Koma apa ndatseka maso, ndamva ngati ndakhala pakhonde penipeni. Zonse zili mmene ndinazisiyira. Mbwenu mtima wakhala pansi, ndafika, ndawaona. Tikitiyi ndimpatsa mnzanga."

Linily analumpha. "Mwamva, mayi? Yagwira ntchito!"

A NyaShaba anayamba kulonga tomato m'dengu mmodzimmodzi, modekha ngati akulonga mazira. Anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno.

"Basi yopita ku Joni imanyamuka liti pa Boma?"

"Mukufuna tikajambule phokoso lake?"

"Ndikufuna ndikwere. Auzeni kuti mudzi ukubwera wokha, tikaone ngati ine ndili ndi batani lozimitsira."