Manja a Agogo ndi Belo Lobwezedwa

Mphepo ikalowa m'chigafa chopanda fodya, mikangala, timitengo topachikapo fodya tija, imagundana yokhayokha, go, go, go, ngati munthu akugogoda pakhomo la nyumba imene eni ake anasamuka. Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ndine Limbani wa kwa Wimbe ku Kasungu, ndipo phokoso limenelo ndi limene linkandisowetsa mtendere chaka chimene ndinatsala pang'ono kuchoka kuyunivesite wopanda digiri. Vuto langa linali loti munthu akhoza kuseka: ndinkafuna masamba a fodya pa nthawi imene fodya yense anali atapita kumsika.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi, aNabanda. Ndinakula wosayankhulayankhula. Anzanga akamathamangitsa mpira, ine ndinkakhala pakona ya chigafa kuyang'ana agogo akusankha fodya, kutambasula tsamba pabondo, kuliunika kudzuwa, n'kuliika pamulu wake. Ndinkaonanso nkhope zawo galimoto ikabwera ndi uthenga woti fodya wathu wapatsidwa giredi yotsika kuposa imene iwo ankayembekeza. Choncho nditafika chaka chomaliza cha maphunziro a zamakompyuta, sindinavutike kusankha kafukufuku. Ndinafuna kupanga pulogalamu ya pafoni yoti mlimi akaloza kamera patsamba, iyo izimuuza giredi yake asanamange belo.

Pulogalamu yotereyi suiuza kuti tsamba labwino limaoneka chonchi. Umaionetsa zithunzi zambirimbiri, chilichonse utalembapo giredi yake, mpaka iyo yokha ipeze chimene chikusiyanitsa tsamba ndi linzake. Patchuthi cha nyengo yosankha fodya ndinapita kumudzi. Agogo ankasankha, ine n'kumajambula. Nditabwerera kusukulu ndinaiphunzitsa, kenako ndinaiyesa ndi zithunzi zina zimene ndinali nditapatula. Sinkaphonya. A Mbewe, aphunzitsi amene ankayang'anira ntchito yanga, anaona zotsatirazo n'kupukusa mutu. Anati zikukoma mopitirira, ndipo patsiku loonetsa adzabwera ndi masamba awoawo.

Tsikulo anawayala patebulo pamaso pa aphunzitsi ena. Ndinaloza foni patsamba loyamba, lokongola, lalitali, lopanda banga. Pulogalamu inati ndi lotsika. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Kenako mphunzitsi wina wamayi ananyamula tsamba long'ambikang'ambika ndi manja awiri kuti alionetse mnzake, foni yanga ikadali kuloza komweko, ndipo pulogalamu inalengeza kuti ndi giredi yapamwamba. M'chipindamo munamveka kuseka.

Pali njira yofunsira pulogalamu kuti ikuonetse pamene ikuyang'ana pachithunzi, ndipo malowo amaoneka ofiira. Madzulo a tsikulo ndinachita zimenezo. Pa chithunzi chilichonse cha tsamba labwino, kufiirako sikunali patsamba. Kunali pamanja a agogo. Ndinakhala ndikutsegula zithunzizo chimodzichimodzi mpaka ndinamvetsa. Kwathu chinthu chaulemu sitipereka ndi dzanja limodzi. Agogo akapeza tsamba labwino ankalinyamula ndi manja awiri pachifuwa, ngati akupereka madzi kwa mlendo. Loipa ankangoliponya pamphasa, ine n'kulijambula pomwepo. Miyezi yonse ija pulogalamu sinaphunzire fodya.

Ndinayesa kudula manjawo pazithunzi, koma zala zinali zitaphimba m'mphepete mwa masamba, komanso kumbuyo kwa tsamba lililonse labwino kunali chitenje cha agogo, pamene kumbuyo kwa loipa kunali mphasa. A Mbewe sanandikalipire. Anati aphunzitsi adzakhalanso mvula isanayambe, ndipo ndikabwera ndi zithunzi zatsopano, za magiredi onse, zojambulidwa pamalo amodzi popanda manja a munthu, adzandimvanso. Ndikalephera ndibwereza chaka. Amene ankandilipirira sukulu anali atanena kale kuti wobwereza samuthandiza, ndiye kwa ine kubwereza kunali kusiya.

Ndinafika kumudzi mu Okutobala, msika utatsekedwa kale. Ndinabwereka njinga n'kuyamba kuzungulira. Kwa Wimbe zigafa zinali mbee. Kwa Lukwa anthu ankandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Mayi wina anandibweretsera zinyenyeswa za m'thumba zimene amuna awo ankapichira ndudu. Pa Chamama mavenda anati zotsala zonse anakokolola kalekale. Ndinkanyamuka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mano, kenako n'kuyamba kuzungulira pabwalo chifukwa pansi sipankakhalika. Ndikalowa m'nyumba ndinkafuna kutuluka, ndikatuluka ndinkamva mikangala ija. Kumanazale anthu anali atayamba kuthirira mbande za chaka chamawa, timasamba tating'ono ngati makutu a mbewa, ndipo ndinkaziyang'ana ndi mkwiyo, ngati zikuchedwa dala.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali agogo. Ndinalakwitsa kuwafotokozera zoona zake. Kuyambira tsikulo ndinkawapeza atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, akuwatembenuzatembenuza. Ndinkawauza kuti wolakwa si iwo, wojambula ndinali ine. Iwo ankangoti, "Manja awa akulera, manja omwewa akugwetsa." Pemphero langa la masiku amenewo silinali lokongola. Lamulungu lina, anthu atatuluka m'tchalitchi, ndinatsalira pabenchi n'kunena kuti, "Ambuye, sindikupempha nzeru, sindikupempha chozizwitsa. Ndikupempha masamba." Ndinadzimva wopusa, koma mawu ena ndinalibe.

Inali nyengo yogula feteleza wotsika mtengo, zaka zimene makuponi anali atathetsedwa ndipo munthu ankapita yekha ndi chitupa chake kuti akachiunike pamakina. Ndinaperekeza agogo kudepoti ya pa Chamama. Netiweki inali itathawa monga mwa masiku onse, ndipo anthu anali mbwee pansi pa mitengo kudikira. Agogo, amene nkhani yawo sinkawachoka pakamwa, anayamba kufotokozera amayi anzawo za manja awo. Sitinadziwe kuti kumbuyo kwathu kunali a Nyirenda.

A Nyirenda ndi oyandikana nawo munda, ochokera chakumpoto kwa boma lathu, ndipo Chichewa chawo chimatuluka ndi Chitumbuka. Iwo ndi agogo anali atatha zaka osapatsana moni. Nthawi ya makuponi anauzidwa kuti agawane thumba limodzi la feteleza, anagawana ndi ndowa, ndipo aliyense anapita kwawo akukhulupirira kuti mnzake wapondereza ndowa yake. Ine ankanditchula Profesa, osati mwaulemu.

"Ndiye kuti Profesa, makina ako aphunzira ulemu m'malo mwa fodya?" anatero mokweza. "Apatseni ntchito yolandira alendo paukwati!"

Anthu anafa nako kuseka. Agogo anatembenukira kumbali. Koma ine, poti kuyang'ana ndiye ntchito yanga, ndinaona kuti a Nyirenda ndi amene anayamba kusiya kuseka. Patapita kanthawi anandifunsa chapansipansi, maso ali kwina, "Ukufuna giredi yanji?"

"Onse, bambo. Abwino ndi oipa omwe."

Tsikulo netiweki sinabwere, tonse tinabwerera chimanjamanja.

M'mawa mwake ndikumanga mpando wa njinga ndinamva "odi" kumalire a bwalo. Anali a Nyirenda. Sanalowe. Anangondikodola kuti ndiwatsate. Kunyumba kwawo anandilowetsa kuchipinda chogona, n'kuchotsa mphasa yakale ndi matumba amene anaunjika pakona. Pansi pake panali belo la fodya, lathunthu, losokedwa bwino.

Mudzi wonse unkadziwa kuti a Nyirenda anagulitsa fodya wawo yense. Tinawaona tokha akuchokera pa Chamama ndi buledi ndi shuga pakeriyala ya njinga. Koma zoona zake zinali zoti nthawi yosankha akazi awo anagonekedwa m'chipatala, iwo n'kumakhala komweko, ndipo ana anamanga belo lomaliza mothamanga, kuponyamo chilichonse. Kumsika analibweza chifukwa chosakaniza magiredi. Kwa mlimi wamkulu ngati iwo chinali chamanyazi kuposa kukolola pang'ono, ndiye analibisa.

"Mulimo zonse umo," anatero. "Apansi, apakati, apamwamba, ong'ambika, akuda. Chisokonezo chenicheni."

Ndinati, "Bambo, tikalimasula anthu adziwa."

"Adziwe. Ndatopa kugona nalo chipinda chimodzi. Likumandiyang'ana."

Abale, chinthu chimene ogula anachikana chifukwa chosakaniza ndicho chimene ine ndinkachifuna chifukwa chosakaniza. Ndinazungulira midzi yakutali ndi njinga, pamene yankho linali kuseri kwa munda wathu, m'nyumba ya munthu amene sitinkamupatsa moni.

Tinalinyamulira kuchigafa chathu masana, anthu akuona. Mafunso anayamba tisanafike n'komwe, ndipo a Nyirenda ankangoyankha kuti, "Eya, linabwerera. Pali china?" Fodyayo anali atauma gwa chifukwa cha kutentha, moti ukamukhudza ankafumbutuka. Tinkawaza madzi pansi, kuyala masamba pamphasa, kuwafunditsa matumba onyowa, ndipo m'mawa ankakhala atafewa moti n'kutambasuka. Ndinakhoma nsalu yoyera pathabwa, pamalo amodzi pamthunzi, ndipo tsamba lililonse, labwino kapena loipa, linkagona pamenepo lokha.

Panafunika wonena giredi ya tsamba lililonse ndisanajambule. Ndinapempha agogo ndi a Nyirenda kuti azinena onse awiri, aliyense payekha. Tsiku loyamba ankayankhulana kudzera mwa ine.

"Uwauze kuti ilo ndi lapakati."

"Uwauze kuti maso awo akalamba, ilo ndi lapansi."

"Yayi, amama, mwaliona thupi lake?"

Pofika tsiku lachitatu anaiwala zodzera mwa ine, anayamba kukangana maso ndi maso. Masamba amene sanagwirizane ndinkawaika padera kuti alangizi a zaulimi adzaweruze. Vuto linatsala limodzi: tsamba lokongola likatuluka, manja a agogo ankanyamuka okha. Mapeto ake anawakhalira. Ankasankha ndi chibwano, manja onse ali pansi pa ntchafu, a Nyirenda akuseka mpaka kutsokomola.

Ndinabwerera kusukulu mitambo itayamba kusonkhana. Pulogalamu yatsopano sinali yodabwitsa ngati yoyamba ija. Inkaphonya, makamaka pamasamba apakati, omwe aja ankakanganitsa akuluakulu awiri. Koma nditaifunsa pamene ikuyang'ana, kufiira kunali patsamba: pamabanga, pamitsempha, m'mphepete mong'ambika. Pamaso pa aphunzitsi ndinafotokoza zonse, za manja awiri, za mphasa, za belo lobwezedwa. Ndinanenanso poyera kuti masamba onsewo ndi a munda umodzi, choncho pulogalamuyo siyenera kuperekedwa kwa alimi mpaka itaona fodya wa minda yambiri. Mphunzitsi wamayi uja ananyamulanso tsamba long'ambika ndi manja awiri, dala, akumwetulira. Pulogalamu inati ndi lotsika. Ndinakhoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakongola lija. Ndikuthokoza a Mbewe amene anakayikira zotsatira zokoma, chifukwa akanapanda kutero ndikanapereka kwa alimi chinthu chonama. Ndikuthokoza agogo, amene manja awo sanalakwe chilichonse. Iwo anachita zimene anaphunzitsidwa, kulemekeza chinthu chabwino, ndipo lero amaseka akakumbuka. Inu amene mukuzungulira pabwalo ngati mmene ndinkachitira ine, pansi posakhalika, musasiye kupempha ngakhale chimene mukupemphacho chikuchititsani manyazi kuchitchula. Ndipo ngati muli ndi belo lanu limene mwalibisa pakona, musafulumire kunena kuti ndi lopanda ntchito. Mwina pali wina amene akulilirira.

Chaka chotsatira a Mbewe ananditenga kuti tipitirize kafukufukuyo. Nyengo yosankha fodya itafika ndinapita kukaona agogo, ndipo pobwerera ndinaima pasiteji ya pa Chamama kudikira minibasi. Ndinaona a Nyirenda akubwera panjinga, thukuta lili chuchuchu, pakeriyala atamangapo thumba la feteleza lotupa. Anatsika, kulimasula, n'kutsegula pakamwa pake pang'ono. Munali timitolo ta masamba, kalikonse komangidwa ndi kansalu ka mtundu wake.

"Agogo ako akuti unauza aphunzitsi kuti munda umodzi sukwana," anatero. "Ndayenda m'makomo. Kofiirako n'kochokera kwa Lukwa, tinato ndikuuza pafoni. Ena amakana, ndimawauza kuti ndi za Profesa wathu."

Ndinatambasula manja onse awiri kuti ndilandire. Iwo anabisa dzanja lamanzere kumbuyo, n'kundipatsa thumbalo ndi lamanja lokha.

"Si mwano yayi," anatero. "Ndikuopa makina ako angandione."

Anakwera njinga yawo n'kulowera njira ya kwa Wimbe, osatembenuka.