Mabuku Ogona m'Chigafa cha Alamu

Tsiku losankha wapampando wa kalabu yathu ya alimi a fodya ku Wimbe, a Duncan, amene anapuma ntchito ya ukalaliki kuboma, anaimirira n'kutikumbutsa kuti mpando umafuna munthu wowerenga. Ife tinangoyang'ana pansi, poti a Duncan amene tinkawadziwa amadzuka nkhuku zitatopa kale kulira.

"Pulani yanga ndi ya zaka khumi," anatero, chala chili m'mwamba. "Katoni yathunthu ya mabuku, ndinagula kwa mphunzitsi wina wopuma ku Mtunthama. Chaka chatha ndinamaliza nthano za Agiriki. Chaka chino ndili pa filosofi, buku lalikulu lobiriwira. Chaka chamawa sayansi. Mbandakucha uliwonse, inu mukuliza mkonono, ine ndili pa buku."

Asanakhale pansi, kunatulukira a Samsoni, mchimwene wa akazi awo mayi Feliya, akukankha njinga, thumba la feteleza lili pakaliyala. A Samsoni ndi munthu woti ukawauza kuti adikire pompano, mawa uwapeza pompo.

"Alamu, ndabwera ndi katundu wanu. Pamaliro paja munanena kuti ine ndikabwereka chinthu sindibweza, ndiye ndati ndibwezere pa anthu."

"Zikomo. Kasiyeni kunyumba."

"Ayi, pa anthu."

Anakhuthula thumba. Mabuku anagwa pansi, fungo la fodya kuti guu. Pamwamba penipeni panali lalikulu lobiriwira.

"Awa mwawatenga kuti?"

"Ndinabwereka kwa achemwali chaka chatha, titayamba kusankha fodya. Ndimapsinjira wosankha kale. Njerwa zimadetsa fodya, koma awa, eee, alamu munagula zinthu! Makamaka lobiriwirali."

"Katoni yanga ili pamwamba pa kabati!"

"Katoni ilipo. Achemwali amasungiramo mbewu ya nyemba."

Wina kumbuyo anatsokomola. A Duncan anakonza tayi.

"Alamu, mwafika mochedwa. Ndimauza anthuwa kuti buku limeneli ndimaliwerenga mbandakucha uliwonse."

"Ili? Kapena muli ndi lina lofanana nalo?"

"Lina? Kasungu yense, kuyambira ku Njombwa mpaka kuno, bukuli lilipo limodzi. Ndi ili."

A Samsoni anavula chipewa, nakanda m'mutu.

"Koma limagona m'chigafa mwanga."

"Nzeru ilibe malire."

"Chigafa chili nawo, alamu. Ndinatchinga ndi minga. Ndiye kuti mumabwera?"

"Wofuna kuphunzira amapita kumene kuli buku."

"Mbandakucha?"

"Ndanena kale."

"Mayo ine! Galu wanga ndam'menya ulere! Amauwa mbandakucha, ine n'kumati wapenga, chonsecho akulonjera alamu."

"Galu sadziwa filosofi."

"Nanga osagogoda bwanji? Tikanakupatsani mpando. Mumawerenga chiimire? Mumdima muja?"

"Maso anazolowera."

"Eee, sukulu ndi yabwino. Mumalowera pati? Pakhomo ndimamanga ndi waya. Kapena pachiboo chakumbuyo?"

"Pomwepo."

"Pomwepo!" A Samsoni anatembenukira kwa ife, nkhope yowala ngati atola ndalama. "Mwamva, anthuni? Chiboo chija ndinakudandaulirani, chodutsira fodya wanga! Wokwana belo lathunthu, tsamba labwino, wosankha kale, wopsinjidwa ndi buku lomweli. Lero Mulungu wandipatsa mboni. Alamu, wakubayo ndi ndani?"

"Ndikamudziwa bwanji ine?"

"Si muli momwemo mbandakucha uliwonse?"

"Munthu akamawerenga saona za pambali."

"Si za pambali, alamu, ndi za pansi pa buku. Inu mukanyamula buku, fodya amatsala poyera pamaso panu."

"Ndiye kuti amabwera ine nditachoka."

"Kutacha? Kukacha ndimakhalamo ine."

"Ndisanafike, basi!"

"Galu amauwa kamodzi kokha, alamu."

A Mphepo, mkulu amene ankayendetsa chisankho, anagogoda ndodo pansi.

"A Duncan, apa njira zilipo ziwiri. Kaya m'chigafamo simunapondemo, bukuli simunalitsegule n'komwe, tiseke pang'ono nkhani ithe. Kaya munapondamo, mlandu wa fodya ukhale wanu."

"Ayi, a Mphepo, musawanyoze!" a Samsoni anakalipa. "Alamu anga sanganame. Munthu wa tayi uyu. Akati amawerenga, amawerenga."

A Duncan anayang'ana buku, anayang'ana ife, anayang'ananso buku. Munthu wamba apa sakanachedwa kusankha. Koma a Duncan anatha zaka zambiri akutiphunzitsa kuti iwo si munthu wamba.

"Kuja sikuba," anatero, mawu atatsika. "Ndinkatenga zitsanzo. Za sayansi."

"Sayansi si munati ndi ya chaka chamawa?" anafunsa a Mphepo.

"Ndimakonzekeratu."

"Belo lathunthu, alamu?"

"Sayansi ndi yaikulu."

"Zoona," a Samsoni anavomera ndi mutu. "Ndiye mwatha nazo zitsanzozo? Ndikatenge?"

"Zinathera m'kafukufuku."

"Pepani. Basi, belo lanu lija likudikira lole ya ku okushoni lindikwanira."

Ngolo inapita, ngolo inabwera, belo labwino kwambiri la a Duncan lili pamwamba. Kumbuyo kwake kunkabwera mayi Feliya. Anaima, anawayang'ana amuna awo kuyambira kutayi mpaka kunsapato, ndipo ife okwatira tinawamvera chisoni a Duncan koyamba tsiku limenelo. A Mphepo anagwiranitsa chanza anthu awiriwo, nalengeza kuti mlandu watha pamaso pa kalabu yonse. Mpando unapita kwa mayi wina amene sanalonjeze kuwerenga chilichonse.

A Duncan anawerama kuti atole mabuku awo, mwaulemu, ngati munthu amene wataya fodya koma mbiri wasunga. A Samsoni anawagwira dzanja, nayamba kubwezera mabuku aja m'thumba la feteleza, lobiriwira poyamba.

"Aaa! Mukupita nawo kutinso?"

"Kuchigafa, alamu. Malo aja munawazolowera, ine ndisakusokonezereni pulani."

"Koma mwandibwezera kumene! Pa anthu!"

"Ndabweza, aona. Tsopano ndikukusungirani." Anamanga thumba pakaliyala ndi lamba wa chubu, nakwera njinga. "Zaka khumi munati? Kwatsala zisanu ndi zitatu. Chiboo chija sinditseka, galu ndizimumanga. Koma belo la sayansi muzingotumiziratu chaka ndi chaka, alamu, tisamavutitse anthu kusonkhana."