Mankhwala anga tinkamwa awiri

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakulonjerani m'dzina la Yesu. Ameni? Ameni wanuyo ngwofooka, koma palibe kanthu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ena simuukonda.

Ambiri mumandidziwa, ndine uja ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande. Zoti ndimamwa ma ARV mumadziwanso, munauzana kalekale ine ndisanakuuzeni. Chimene simudziwa n'chakuti kuchipatala anandipezanso ndi kachilombo kena ka m'chiwindi, matenda aja amati hepataitisi B. Anesi anandiuza kuti, "Mayi, piritsi lomweli likugwira tizilombo tonse tiwiri. Mukamadumphitsa, chiwindi chidzakuukirani."

Ine sindinadumphitse mwa kufuna kwanga, abale. Bambo a kunyumba kwanga, aja ankakhala kutsogolo uko atamanga tayi, anakana kukayezetsa. Akuti, "Ine folomani wathunthu ku Makata, ndikaime pamzere anyamata anga andione?" Koma atayamba kuonda ndi kutsokomola, anayamba kutapa m'botolo langa. Ine ndizikaima pamzere, ine ndizipsa ndi dzuwa, ine ndizilozedwa zala, iwo azingotsegula kabati n'kumeza. Mankhwala a munthu mmodzi tinkamwa awiri! Ndiye ine ndinkamwa lero, mawa ayi, kuti afike tsiku lokatenga ena. Mukuti bwanji sindinakanene kuchipatala? Bambowo anandiopseza kuti ndikangotsegula pakamwa, ndilongedze.

Kenako maso anga anasanduka achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, mimba n'kutupa. Apa ndi pamene munandipweteka, inu a mpingo. Ena munati ndayamba kachasu. Ena munati ndi mimba ya paukalamba, kaya ya ndani. Mayi wina, sinditchula dzina, muli pompano, munasuntha pabenchi ine nditakhala. Koma bambo aja munkawapatsa moni ndi manja awiri, n'kumawapepesa kuti ali ndi mkazi wovuta. Iwo akunenepa ndi mankhwala anga, abale, mankhwala anga!

Mng'ono wanga ndi amene ananditengera kuchipatala, ndikulephera n'kuyenda komwe. Adokotala atandipima anati, "Mayi, m'piritsi lanu muli mankhwala awiri olimbana ndi kachilombo ka m'chiwindi. Amodzi zikuoneka kuti kawazolowera, sakugwiranso ntchito. Atsala amodzi. Amenewa mukawaseweretsa, ife tisowa pogwira." Ndinalira. Sikunali kulira kwa mantha ayi, unali mkwiyo.

Nditatuluka m'chipatala, botolo lija ndinayamba kulimangirira m'chiuno ndi chitenje, pogona pomwe. Bambo anaitana ankhoswe. Ankhoswe akuti, "Mkazi wanji wobisira mwamuna wake zinthu m'nyumba?" Ndinawayankha kuti, "Malume, chiwindi ndili nacho chimodzi. Mzere uli apo, apite akalandire awo, ine ndiwaperekeza." Bambo aja anakana. Analongedza okha, ndipo pano ali ku Machinjiri ndi mkazi wina. Mtsikanayo ndimamupempherera, chifukwa ndikudziwa chimene bambo aja apitira kumeneko: akufuna botolo lina.

Lero tayang'anani maso angawa. Yang'anani ndithu, musawerame. Ayera. Mimba yaphwa. Mankhwala otsala aja akugwira ntchito, ndipo ndimamwa tsiku ndi tsiku, ndekha. Chiwindi chatsala ndi zipsera, adokotala akuti sizidzachoka. Za kukhululuka, abusa, musandifulumizitse, sindinafikepo, ndipo sindinama pamaso pa Mulungu.

Koma ndikumuthokoza Mulungu ameneyo, chifukwa anandisunga pamene mwamuna ankandidya ndili moyo, mpingo ukuonerera. Banja latha, ine ndilipo. Ndiye kondwerani nane, abale, kondwerani nane! Amayi, imbani nthungululu. Ngati mukuchita manyazi, ndiyamba ndekha.